Phwando la techno la chaka chino: akupita ndani, tibwerera bwanji?

Asisi a ku Chibavi:
Mwaswera bwanji nonse. Tsiku la phwando lathu lija la kunyanja alengeza, ndi Loweruka lomaliza la Okutobala, malo ndi omwe aja kupitirira Nkhata Bay ukamaloza ku Chintheche. Ayamba dzuwa likamalowa, adzazimitsa kutacha. Amene akupita anene msanga, chifukwa kumapeto kwa mwezi maukwati amachuluka ndipo magalimoto a hayala amatha. Ndilembe mayina pofika Lachisanu.

Wa ku Mchengautuwa:
Ndilembeni asisi, ine ndi mkazi wanga. Ana tikawasiya kwa agogo awo.

Namwino wa ku Chiputula:
Ndapempha kale anzanga kuti tisinthane masiku kuntchito. Ndilipo.

Wa ku Katoto:
Inenso ndilipo, koma ndinene zakukhosi. Usiku wonse du du du du, mawu palibe, poti munthu uyimbe nawo palibe. Ikamakwana 2 koloko ya usiku mutu umakhala ngati wagona m'chigayo. Achimwene a ku Luwinga, inu mumadziwana ndi okonza aja, komanso chaka chino muli pa mndandanda wa oimba. Auzeni atipatseko amapiano ngakhale maola awiri okha. Anthu angachuluke, ndalama za pakhomo zingakwane bwinobwino.

DJ wa ku Luwinga:
Aise, amapiano ukuwamva kale tsiku lililonse. M'mabala a m'tauni muno, m'minibasi, ku bridal shower, ngakhale kometera tsitsi ku Chibavi ndi omwewo. Sindikudana nawo, ndimawaika ndikaitanidwa ku ukwati. Koma ife okonda techno tili ndi usiku umodzi basi pa chaka chonse. Umenewonso tiugawe pakati?

Wa ku Katoto:
Vuto ndi loti ndi nyimbo za azungu izi. Taonani amene amadzaza kutsogolo kuja, ndi alendo a m'malodge ndi mavolontiya. Ife timangowaperekeza.

DJ wa ku Luwinga:
Pamenepo pokha sindingakusiye, chifukwa bodza limeneli ndi lomwe limathamangitsa anthu athu. Techno inayambira ku Detroit, mumzinda wa anthu akuda ochuluka ku America, zaka za m'ma 1980. Amene anaiyamba ndi anyamata atatu akuda, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson. Anadziwana kusukulu m'katauni kotchedwa Belleville, kunja kwa Detroit, n'chifukwa chake mpaka lero amatchedwa Belleville Three.

Detroit ndi kwawo kwa mafakitale a magalimoto, Ford, General Motors, Chrysler. Nthawi imene anyamatawa amakula, ntchito m'mafakitalemo zinali zikutha, nyumba zambiri zili mabwinja, anthu a ndalama atasamuka. Pa wailesi panali mkulu wina wotchedwa The Electrifying Mojo amene amasakaniza funk ya Parliament, Prince, ndi gulu la ku Germany la Kraftwerk mu pulogalamu imodzi. Anyamata aja anamva zimenezo, n'kutenga timakina toimba ng'oma ta kampani ya Roland, TR-808 ndi TR-909, n'kuyamba kupanga zawo m'zipinda zogona. Atkins anatsegula kampani yake yotulutsa nyimbo, Metroplex, mu 1985. May anatsegula Transmat, Saunderson KMS. Sanadikire kuti wina awalole.

Azungu a ku Ulaya anachita kuilandira. Khoma la Berlin litagwa mu 1989, achinyamata a mbali zonse ziwiri amakumana m'nyumba zosiyidwa n'kumavina mpaka kucha. Kalabu ya Tresor inatsegulidwa mu 1991 m'chipinda cha pansi chomwe kale sitolo ina yaikulu imasungiramo ndalama, ndipo amaitana anthu a ku Detroit ngati Jeff Mills kukaimba. Mu 2024 dziko la Germany linaika techno ya ku Berlin pa mndandanda wa chikhalidwe chawo chofunika kusungidwa. Ine zimandiwawa kuti iwo akuinyadira chotero, ife amene tikufanana khungu ndi eni ake tikuti si yathu.

Wa ku Katoto:
Za Detroit sindimazidziwa, ndavomera. Komabe mbiri siivinitsa munthu. Thupi langa limafuna log drum, ng'oma ya bass ija ya m'amapiano.

Wa ku Mchengautuwa:
Inenso poyamba ndimaima kumbuyo manja m'thumba. Chimene chinandisintha ndi kukhalitsa. Ukangomvera mphindi khumi pa foni sumva kanthu. Uyenera kukhala pakati pa anthu, sipika zikukugunda pachifuwa, ola lathunthu. Kenako umayamba kumva tinthu tating'ono tomwe tikusintha, kachitsulo kalowa, kena katuluka, bass yachotsedwa, anthu onse akudikira, ndiye ikabwerera mchenga wonse umanyamuka.

Wophunzira wa ku Mzuni:
Pepani akuluakulu, ine ndine watsopano pagulu pano, anandilowetsa ndi asisi a ku Chibavi. Sindinapiteko. Ndifunse nawo, kusiyana kwake ndi house kapena amapiano n'kotani? Nanga amavina bwanji? Ndikuopa kukachita manyazi.

Asisi a ku Chibavi:
Takulandira mng'ono wanga. Manyazi usiye ku hostel. Kumeneko kulibe sitepe yoti uphunzire, kulibe bwalo loti wina alowe pakati anthu azimuonerera. Aliyense amayang'ana kwa DJ kapena kutseka maso. Chimenechi ndi chomwe ine ndimakonderako, palibe amene amakuyeza.

DJ wa ku Luwinga:
Ndikuyankhe mwachidule mphwanga. Techno ng'oma yake yaikulu imagunda kanayi mofanana, osadumpha, ndipo liwiro lake nthawi zambiri limayambira cha m'ma 125 kufika 140 pa mphindi, ena amapitirira. Amapiano, ochokera ku Gauteng ku South Africa, amayenda pang'onopang'ono, cha m'ma 110 mpaka 115, ndipo mphamvu yake ili pa log drum ija akuifuna a Katoto. House inabadwira ku Chicago, ili pakati, imakonda mawu oimba ndi piyano. Techno mawu imawasiya dala.

Chachiwiri, ife sitiimba nyimbo imodzi n'kuimaliza kenako ina. Ndimalowetsa yachiwiri yoyamba isanathe, ndimazifananitsa liwiro, kwa kanthawi zimayenda limodzi, ndiye ndimachotsa yakale mwakachetechete. Ndikachita bwino sudziwa pomwe ina yathera. N'chifukwa chake kubwera kudzapempha nyimbo pa tebulo kumasokoneza. Seti ya maola awiri ndimaikonza milungu ingapo, ndikudziwa pomwe ndikufuna kuwakweza anthu ndi pomwe ndiwapumitse. Ine andipatsa kuyambira 3 koloko mpaka 5, nthawi imene anthu atopa, ndiye ndiyamba mofatsa.

Wophunzira wa ku Mzuni:
Zikomo achimwene. Momwe mukufotokozeramu zikundikumbutsa vimbuza. Kwathu ku Rumphi ng'oma zikamalira usiku wonse, zimabwerezanso chimodzimodzi mpaka munthu amachoka m'thupi. Si zomwezo?

Malume a ku Zolozolo:
Mwana wanga, apa ndilankhulepo ine. Ndakhala ndikuwerenga chete. Kuti ng'oma yobwerezabwereza imamugwira munthu, zimenezo n'zoona, makolo athu anazidziwa kalekale. Koma vimbuza si chisangalalo. Pamakhala wodwala, pamakhala ng'anga, amayi ndi ana amazungulira akuimba ndi kuomba m'manja, ndipo mzimu uliwonse uli ndi kaimbidwe kake ka ng'oma. A UNESCO anauzindikira gule ameneyu mu 2005 ngati gule wochiritsa wa Atumbuka. Mayi anga aang'ono anavinapo, ndinaona ndi maso anga mmene nyumba yonse imakhalira ndi nkhawa mpaka atapeza bwino. Kunyanja kuja tikupita kukasangalala, tisazisakanize.

DJ wa ku Luwinga:
Ndamva malume. Ndipo ndinene poyera, alipo amene anandipempha kuti ndijambule ng'oma za vimbuza ndiziike m'nyimbo zanga. Ndinakana. Malipenga ndi nkhani ina, amenewo ndi gule wa pabwalo, wa mpikisano, ndipo ndikulakalaka nditakhala pansi ndi gulu lina la ku Nkhata Bay tijambule limodzi, iwo alandire zawo, dzina lawo lilembedwe. Osati kungoba ndi foni n'kumapita.

Wa ku Katoto:
Zimenezo ndiye ndingavine! Bwanji osayamba chaka chino?

DJ wa ku Luwinga:
Nthawi yachepa, sindikufuna kuchita zothamanga. Koma anzathu ayamba kale. Ku Uganda kuli phwando la Nyege Nyege, linayambira ku Jinja mu 2015, kumeneko techno imakumana ndi gqom ya ku Durban ndi singeli ya ku Dar es Salaam, imene imathamanga kupitirira 200 pa mphindi. Anthu amachoka ku Ulaya kukamvera zimene Afirika akupanga. Ifenso kuno sitikuyambira pa ziro. Lake of Stars inayambira ku Chintheche komweku mu 2004, ndipo kuyambira pachiyambi ma DJ amaimba pambali pa magulu a kwathu. Ku Dzaleka kuli phwando la Tumaini kuyambira 2014, m'kampu ya othawa kwawo. Chimene chikusowa ndi anyamata ndi atsikana a kuno kumpoto opanga nyimbo zawozawo. Laputopu yakale ndi mahedifoni zikukwana kuyambira.

Wophunzira wa ku Mzuni:
Laputopu ndili nayo. Mungandiphunzitse?

DJ wa ku Luwinga:
Kavine kaye. Ukabwerako ukadali ndi chilakolako, udzandipeze ku Luwinga, si kutali ndi kusukulu kwanu.

Namwino wa ku Chiputula:
Ndalola mumalize za nyimbo, tsopano mundimvere ine, ndipo amene mwapitako kale musadumphe.

Makutu. Phokoso la pafupi ndi sipika limafika ma decibel 100, ndipo pa mlingo umenewo khutu limayamba kuonongeka pakangopita mphindi ngati 15. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi tomwe timamva mawu, tikafa sitimeranso. Kulira kuja kumene mumamva m'makutu m'mawa mwake ndi chizindikiro choti mwawapweteka. Ndibweretsa zotseka m'makutu za siponji zokwanira tonse. Thonje silithandiza kwenikweni. Nyimbo mudzaimvabe, bass imalowera m'thupi. Ndipo ola lililonse muzichoka kutsogolo, mukakhale kumchenga kwa kanthawi.

Madzi. Ife a ku Mzuzu tinazolowera kuzizira, koma Okutobala kunyanja kumatentha ngakhale usiku. Ukamavina ukutuluka thukuta uku ukumwa mowa, thupi limauma osadziwa. Botolo la mowa lizitsatana ndi la madzi. Koma musamwenso madzi ambirimbiri nthawi imodzi osadya kanthu, mchere m'thupi umachepa, nazonso n'zoopsa. Idyani nsima musanayambe.

Za mapilisi amene ena amayenda nawo m'maphwando otere. Wina akakupatsani, kanani. Simudziwa zomwe zili mkatimo, wogulitsayonso sadziwa. Ndipo mnzanu akayamba kutentha thupi kwambiri, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, musamubise poopa mlandu, musamugoneke muhema kuti adzuka yekha. Mugonekeni chammbali, ndiitaneni, tithamange naye kuchipatala.

Udzudzu kunyanja ndi wambiri kuposa kuno. Tengani neti ndi mafuta odzola. Mukabwerako n'kuyamba kumva malungo patatha sabata kapena awiri, kayezetseni, musati ndi matsire.

Wa ku Mchengautuwa:
Onjezanipo za kusambira anamwino. Chaka chatha mnyamata wina, osati wa gulu lathu, analowa m'madzi usiku ataledzera. Anamuvuula ndi asodzi amene amakonza maukonde chapafupi. Nyimbo zinali zikulira, ife sitinamve kukuwa kulikonse.

Namwino wa ku Chiputula:
Eya. Usiku palibe wolowa m'madzi, kaya wamwa kaya sanamwe. Masana sambani poyera pamchenga, osati m'mabango kapena pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja. M'malo otero ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo, komanso ng'ona.

Malume a ku Zolozolo:
Ine changa ndi geti. Malo aja ali ndi khomo limodzi, lopapatiza, lomwelo lolowera lomwelo lotulukira, ndipo magalimoto amaimika mothinana pomwepo. Anthu akuchuluka chaka ndi chaka. Ku Germany kunali phwando lalikulu la nyimbo zomwezi, Love Parade, linayamba ku Berlin mu 1989. Mu 2010 linachitikira ku Duisburg, olowa ndi otuluka anakumana panjira imodzi yodutsa pansi pa mlatho, anthu 21 anafa popanikizana, ndipo phwandolo linathera pomwepo. Ife sitili ochuluka ngati iwo, koma jenereta itagwira moto kapena ndewu itabuka, tonse tithamangira pamodzi. Achimwene a ku Luwinga, kawauzeni okonza atsegule mbali ya kumchenga ikhale njira yachiwiri, aikepo nyali, ndipo mafuta a jenereta asasungidwe pafupi ndi pomwe anthu akuvina.

DJ wa ku Luwinga:
Ndikumana nawo Lachitatu, ndikanena zonsezi. Ndikanenanso za anthu a m'mudzimo. Chaka chatha amayi ena anadandaula kuti ana sanagone. Ndikufuna sipika ziloze kunyanja, osati kumtunda, ndipo amfumu awuzidwe nthawi ikadalipo, osati tsiku lomwelo. Ogulitsa chakudya akhale a pomwepo.

Asisi a ku Chibavi:
Chimenecho ndikugwirizana nacho kwambiri. Tisanyamule makatoni a zakudya kuchokera kuno ngati tikupita kuchipululu. Kondowole ndi batala zilipo kumeneko, usipa ulipo, tikagule kwa amayi a pomwepo. Akatipirira phokoso usiku wonse, apezepo kanthu.

Tsopano atsikana, ndi inu abambo mumve. Aliyense akhala ndi mnzake mmodzi womuyang'anira. Ukupita kuchimbudzi, muuze. Ukupita kukagona, muuze. Chakumwa chako usachisiye pa tebulo n'kudzachimwanso, ndipo wina akakugulira, chitsegulidwe iwe ukuona. Netiweki kumeneko imavuta, mafoni amatha moto, ndiye tidzasankha mtengo umodzi tikafika, pa 12 koloko, pa 3 ndi pa 6 tonse tizikumana pamenepo tiwerengane. Amene wapeza chibwenzi kumeneko, zabwino zonse, koma abwere adzationetse nkhope yake pa mtengopo.

Wa ku Katoto:
Asisi mwakhwimitsa ngati ulendo wa Sunday school.

Asisi a ku Chibavi:
Ndakhwimitsadi. Mng'ono wathu wa ku Mzuniyu makolo ake ali ku Rumphi, akudziwa kuti ali kusukulu. Chitamuchitikira chinthu, amene akaime pamaso pawo ndine.

Wa ku Katoto:
Ndamva, sindikutsutsa. Koma pali china. Ine Lamulungu ndili ndi kwaya, mapemphero a 8 koloko. Tikangomaliza seti ya achimwene pa 5 tinyamuke, ola limodzi ndi theka tili m'tauni.

Malume a ku Zolozolo:
Ayi. Minibasi ndiyendetsa ndine ndipo sindidzanyamuka m'bandakucha. Msewu wochokera ku Nkhata Bay kukwera kuno ndi makilomita osakwana 50, koma ndi wokhotakhota, wokwera phiri, m'mawa kumtunda kuno kumagwa nkhungu, njinga za makala ndi za nthochi zimakhala zili kale pamsewu. Ine mowa sindimwa, komabe tulo ndi tulo. Ndidzavina mpaka cha m'ma 1, ndikagona, koma pafupi ndi sipika zotere munthu sugona tulo teniteni. Tidzanyamuka 11 koloko, nditagona bwino nyimbo zitazima, titadya.

Wa ku Katoto:
Ndiye ndikwera Sienta ya m'mawa ndekha.

Namwino wa ku Chiputula:
Woyendetsa Sienta amene wagona kwawo usiku wonse, amene uja ndi bwino. Chimene sindikufuna ndi kukwera galimoto ya munthu amene timavina naye. Koma upite ndi mnzako, ndipo ukafika utumize uthenga.

Wa ku Mchengautuwa:
Tipita naye ife. Agogo sangakhale ndi ana mpaka madzulo. Koma aise, ukaimba bwanji tenor usanagone?

Wa ku Katoto:
Ndidzagona kuyambira 11 mpaka 3, mudzandidzutse achimwene akamayamba. Ndikufuna ndimve ndi makutu anga zimene akhala akuzikonza milungu yonseyi. Ndipo za Detroit zija nditumizireni ku inbox, ndikufuna ndimvere anthu atatu aja.

DJ wa ku Luwinga:
Ndikutumizira usiku uno bandulo ikalowa. Uyambe ndi Saunderson, zake zili ndi mawu oimba, sizikuvuta. Jeff Mills umusiye kaye. Ukadzakhala ndi mpata uonenso makanema a phwando la Movement, limachitika ku Hart Plaza ku Detroit kumapeto kwa Meyi chaka chilichonse, linayamba mu 2000. Uone nkhope za anthu amene ali pa siteji.

Ndipo ndikulonjeze chimodzi. Dzuwa likatuluka, seti zonse zitatha, okonza amasiya sipika yaing'ono ya pa bala kwa aliyense. Ndidzawapempha ola loyamba likhale la amapiano. Usiku wokha ndiye sindigawa.

Wa ku Katoto:
Ola limenelo ine ndili mu Sienta.

DJ wa ku Luwinga:
Ndiye ndikuikira masana tikangofika, mahema akukhomedwa.

Wa ku Katoto:
Basi tapangana.

Asisi a ku Chibavi:
Za ndalama. Ya minibasi ndi mafuta tigawana mofanana, amene akubwerera pa Sienta alipira theka. Malume akandiuza mtengo mawa ndidzaulemba pano, mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba pofika pa 15, chifukwa mafuta tikufuna tigule sabata yathunthu lisanafike tsikulo. Tikadikira Lachisanu lomaliza tikhoza kupeza mizere. Tikiti aliyense agula yekha. Tengani ndalama ina m'manja, amayi ogulitsa nsomba si onse ali ndi foni.

Wophunzira wa ku Mzuni:
Ine hema ndilibe, ndipo ndivale chiyani? Pa intaneti ndikuona onse avala zakuda.

Asisi a ku Chibavi:
Ugona ndi ine ndi anamwino, lathu ndi la anthu atatu. Zakudazo ndi za ku Berlin, kunyanja ungapse nazo. Vala zopepuka, nsapato zotseka chifukwa mumchenga mumakhala mabotolo osweka, ndipo utenge chitenje, chimagwira ntchito zambiri. Juzi usaiwale, pobwerera tikangoyamba kukwera phiri kuzizira kumayamba.

Wa ku Mchengautuwa:
Popita tiime pa Vizara, ana anandituma mpira wa labala uja amagulitsa m'mbali mwa msewu.

Malume a ku Zolozolo:
Tiima, koma mphindi zochepa. Tikumane pa depoti 12 koloko masana, ndikufuna titsike phiri kukuwala ndipo mahema akhomedwe dzuwa lisanalowe. Wochedwa atipeza pa Sienta. Wina abweretse chingwe chachitali ndi tochi, zanga anabwereka a kumpingo.

Namwino wa ku Chiputula:
Tochi ndili nazo ziwiri. Chingwe afunse a Katoto, amamangira katundu ku shopu.

Wa ku Katoto:
Ndibweretsa. Asisi, lembaniponso msuweni wanga wa ku Masasa, wamva tikukambirana ndipo akuti akufuna akaone yekha.

Asisi a ku Chibavi:
Ndamulemba, malo atsala awiri. Mumuuze za mtengo wokumanirana uja asanakwere.